Chithunzi cha Mayi Lister m'Buku la Bambo Fanwell

Bambo Fanwell Kamwendo amakhala okha ku Dambwa North, m'nyumba imene anawasiyira makolo awo. Agogo awo anachokera ku Ntcheu, ku Malawi, kudzagwira ntchito ya njanji m'dziko muno, ndipo Bambo Fanwell nawonso anakalambira pa ntchito yomweyo, akulemba makalata pa taipilaita. Ndi munthu wofatsa, wosakonda kukweza mawu. Mkazi wawo atamwalira, anadzipereka kulemba mbiri ya mpingo wawo, umene unayambitsidwa ndi anthu ochokera ku Malawi.

Kompyuta anachita kubwereka ku mpingo, koma ankaigwiritsa ntchito monga taipilaita. Chithunzi akafuna kuti chitsike, ankadinadina batani lotsitsira mzere mpaka chifike pamene diso lawo lakonda. Mutu akafuna kuti uyambe pa tsamba latsopano, ankachitanso chimodzimodzi. Pa pepala lalikulu la m'maofesi zonse zinkaoneka zolongosoka, ndipo palibe anawauza kuti masamba omangidwa motero amasweka akasunthidwa.

Atamaliza, anapita ndi fulashi, kachipangizo kamene anasungamo bukulo, ku sitolo ina yosindikiza m'tauni. Mayi Pamela, amene amagwira ntchito pamenepo, anawauza kuti buku loti anthu azinyamula liyenera kukhala la masamba aang'ono, ndipo anachepetsa pepalalo ndi theka. Anasindikiza buku limodzi loyesera. Bambo Fanwell anakondwa ndi chikuto, sanatsegule mkati. Anakwera minibasi, ndipo asanafike kwawo anapatukira kwa Mayi Lister Chiwaya, amene anatsogolera kwaya ya amayi kwa zaka zambiri ndipo pa nthawiyo anali chigonere ndi matenda a mtima. Anapeza akugona, choncho bukulo analisiya m'manja mwa mwana wawo Godfrey, woyendetsa takisi ku bwalo la ndege.

Mawa lake m'mawa Mayi Pamela anaimba foni. Anati anatsegulanso bukulo pa kompyuta ndipo anapeza kuti mitu ndi zithunzi zasokonekera. Mutu wakuti "Amene Anagona mwa Ambuye" unali pamwamba pa tsamba, ndipo pansi pake penipeni panali chithunzi cha Mayi Lister ndi dzina lawo, kenako n'kutsatira malemu onse.

Bambo Fanwell anachita mantha. Ankadziwa zimene anthu amanena za nkhalamba yokhala yokha, yosacheza kawirikawiri. Ankadziwanso kuti wodwalayo akamwalira bukulo lili m'nyumbamo, palibe adzakhulupirire nkhani ya mapepala ochepetsedwa. Anthu adzati analemba imfa isanafike chifukwa anaidziwa. Anavala jekete ndipo ananyamuka wapansi chifukwa anaopa kukhala ndi anthu m'minibasi.

Anapeza takisi ya Godfrey ili pakhomo, chizindikiro chakuti sanapite ku ntchito. Godfrey anali atakhala pakhonde, bukulo lili pa bondo, chala chili mkati. Sanawapatse mpando.

"Ba Fanwell, amayi akali kupuma. Nanga imwe mwawaika kale m'manda? Ndani anakuuzani?"

Bambo Fanwell anayamba kufotokoza za batani ndi za kukula kwa pepala, koma mawu ankatuluka mosalongosoka. Godfrey anawadula mawu nati iyenso foni ali nayo, ndipo siinaphepo munthu yokha. Anati bukulo salibweza, alisunga kuti amalume ake akabwera kuchokera ku Kalomo adzalione. Amayi awiri a nyumba yoyandikana anali atasiya kuchapa, akumvetsera pa mpanda.

Pamenepo mawu anamveka kuchokera m'chipinda. Mayi Lister anali maso, ndipo anaitana onse awiri kuti alowe ndi bukulo. Analiyang'ana nthawi yaitali, tsambalo lili pafupi ndi nkhope. Bambo Fanwell anagwada pafupi ndi chitseko. Wodwalayo anafunsa ngati pali mabuku ena otere amene atuluka, ndipo anayankhidwa kuti ndi lokhalo. Anafunsanso ngati cholakwikacho chingakonzedwe, ndipo Bambo Fanwell analonjeza kuti chikonzedwa tsiku lomwelo.

"Achimwene, ine ndachita mantha, sindikubisirani," anatero Mayi Lister. "Koma ndinakudziwani muli mwana. Godfrey, wapatse buku lawo. Likakonzedwa, ndidzaligawa ndine ku tchalitchi, ngakhale mundinyamule pa mpando."

Godfrey anatenga bukulo m'manja mwa amayi ake, naliponya pa mphasa natuluka.

Masana amenewo Bambo Fanwell anakhala pambali pa Mayi Pamela mpaka sitolo kutsekedwa. Anafufuta mizere yonse yopanda kanthu imene anadina ndi dzanja lawo. Mayi Pamela anawaonetsa lamulo la kompyuta loyambitsira tsamba latsopano, limene silisuntha pepala likasinthidwa, ndiponso njira yomangira chithunzi ku dzina lake. Bambo Fanwell anapempha kuti pakati pa amoyo ndi malemu pakhale tsamba loyera, ndipo anakana kumva kuti n'kuwononga pepala.

Masabata otsatira sanadye bwino. Galimoto ikaima pafupi ndi nyumba yawo, ankasuzumira pa zenera, poganiza kuti uthenga wa maliro wafika ndipo anthu abwera kudzawafunsa. Koma Mayi Lister anadzuka pang'ono, ndipo Lamlungu lina anawabweretsa ku tchalitchi pa takisi. Anakhala pa mpando pakhomo, napereka mabukuwo kwa akhristu ndi manja awo, Bambo Fanwell ataima kumbuyo kwawo.

Godfrey sawapatsa moni mpaka lero, ndipo m'mawa uliwonse Bambo Fanwell amafunsa kwa oyandikana nawo mmene Mayi Lister agonera.