Mpando wa Atate, Miyendo ya Amayi

Ndikukumbukira galimoto ya atate isanakhale ya amayi. Inali yakale ngakhale pa nthawiyo, yobiriwira, ya zitseko zinayi koma zotseguka zitatu. Atate anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya mishoni kunja kwa Chipata, ndipo anaigula kwa m'busa wina wopuma pantchito. Mkati munkanunkha chikopa, petulo ndi choko. Dzuwa la mu Okutobala likawomba, mipando inkawotcha ntchafu mpaka tinkakhalira makope athu.

Atate anali aatali mopitirira. Akakhala pa chiwongolero, mawondo ankatulukira uku ndi uku ngati munthu wamkulu wakhala pa kampando ka ana a giredi wani, ndipo akamaponda kilatchi bondo linkagunda dashibodi. Anapirira chaka chimodzi. Kenako anapita kwa a Sakala, owotcherera zitsulo kuseri kwa msika, nawauza kuti achotse njanji za mpando zomwe zinali zitadyedwa ndi dzimbiri, aukankhire kumbuyo kwenikweni ndi kuuwotcherera pomwepo. A Sakala anafunsa ngati panalibe wina woyendetsa. Atate anangoseka, poti winanso akanakhala ndani? Kuyambira tsikulo ine Tisa, amene malo anga anali kumbuyo kwawo, ndinkayenda miyendo nditaipinda pamwamba pa mpando.

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, ng'ala inalowa m'maso mwa atate. Anayamba ndi kuyandikitsa makope kumphuno. Tsiku lina anatsala pang'ono kugunda ngolo ya ng'ombe pa msewu wa ku Chipangali, ndipo atafika kunyumba anakoleka makiyi pamsomali osawakhudzanso. Kuchipatala anati opaleshoni ichitika, koma padutsa miyezi. Galimoto inakhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kuyamba kuikira mazira kunsi kwake.

Apa m'pamene atate aang'ono, a Yona, anabwera ndi wogula. Munthuyo ankafuna kuidula kumbuyo kuti izinyamula matumba kupita nawo kumalire ku Mwami. Anaizungulira kawiri, akumenya matayala ndi nsapato.

"Motoka yongokhala imaola, akulu," anatero a Yona. "Nanga aziyendetsa ndani?"

Atate anavomera. Anagwirizana kuti wogulayo adzabwerenso Loweruka, patatha masabata awiri. Alendo atapita, ndinawaona atate ataima pa galimotoyo akusisita boneti ndi chikhatho, ndipo ndinathawira kuseri kwa nyumba kukalira.

Amayi anali aafupi, osalankhulalankhula. Anadikira mpaka titamwa tiyi.

"Ndiphunzitseni ine, atate ake Tisa."

"Inu, aNaphiri?"

"Miyendo ndili nayo, maso ndili nawo."

Maso analidi nawo, koma za miyendo ananama pang'ono. M'mawa mwake tinakankhira galimoto ku bwalo la mpira la pasukulu, ndipo amayi atakhala pampando uja mapazi anangolendewera m'malere. Nzeru inali yanga, ndikuvomera. Ndinati tiike thumba kumsana kwawo, ndipo thumba lomwe linali pafupi linali la mtedza wa chalimbana wosasenda, mbewu imene azakhali anatitumizira kuchokera ku Chipangali.

Poyamba zinayenda. Atate anakhala pambali akulamula za magiya, ngakhale kutsogolo ankangoona nkhungu. Koma amayi akaponda kilatchi, msana unkakankha thumba, makoko n'kumalira phwa, phwa. Thumba linkaphwa, amayi n'kumabwerera kumbuyo pang'onopang'ono. Pozungulira kachitatu phazi linalephera kufika pa buleki, ndipo tinakaima mu mpanda wa mapesi wa dimba la sukulu.

"Tafika pati?" anafunsa atate mofatsa.

Amayi anatsika mofulumira. Ndinkayesa ndi mantha, koma unali mkwiyo. Anamasula thumba, naona mbewu yawo itanyenyeka.

"Vuto si ine," anatero. "Vuto ndi mpando wanuwu, umene munaupanga ngati m'nyumba muno muli nokha."

Sindinamvepo munthu akulankhula choncho kwa atate. Koma kutacha atate anandituma kukaitana a Sakala, amene anabwera pa njinga n'kuyendetsa okha galimotoyo kupita nayo kumsika, atakhalira m'mphepete mwa mpando.

A Sakala anadula pamene anawotcherera paja, nayala zitsulo ziwiri zophwatalala pansi. Anati mpando uzimangidwa ndi mabawuti, ndipo chotsala chinali kudziwa pobowola. Atatero anaima, akukanda kumutu.

"Aphunzitsi, miyendo ya amai ine siningapime. Si mwambo."

Panalibe wotsutsa. Atate anandiuza kuti nditenge rula yaikulu ya pabolodi imene inkakhala m'buti. Amayi anakhala pampando wosamangawo, ndipo atate, mphunzitsi wamkulu amene ana ankathawa akangomva chifuwa chake, anagwada pa fumbi ndi zinyenyeswa za zitsulo. Ankafufuza ndi dzanja kuchokera pa bondo la amayi mpaka kuchidendene, akuwauza kuti aponde kilatchi mpaka pansi bondo lisanawongoke lonse, ine ndikuwerenga manambala. Azimayi ogulitsa tomato anasiya malonda kuti aonerere. Amayi anayang'ana kumapiri, akuluma mlomo kuti asaseke. Ine manyazi anandigwira, koma pansi pa manyaziwo panali chisangalalo chimene sindinkadziwa dzina lake.

Tinalemba ndi choko, a Sakala nabowola. Atatsala pang'ono kumanga, atate anati, "Mubowolenso ena kumbuyo, pamene unali kale. Maso anga abwerera." Kunyumba amayi anasoka khushoni ya chitenje, naidzaza thonje, kuti aziona pamwamba pa chiwongolero osati pakati pake.

Cholakwika tinachiona mochedwa. Popeza tsiku loyezalo unali ulendo wa kutauni, amayi anavala nsapato zawo zakuda za kutchalitchi, za chidendene chachitali. Atayesa ndi patapata, zala zinkangokhudza buleki. Ndinati tibwerere kwa a Sakala. Amayi anakana, nati sangagwaditse mwamuna wawo pamsika kawiri. Choncho kwa zaka zonse zotsatira, kaya ndi kuchigayo kaya ndi kumunda, ankayendetsa atavala nsapato za kutchalitchi.

Loweruka lija a Yona ndi wogula wawo anapeza pansi pa mango pali nkhuku zokha. Posakhalitsa anamva kubangula kuchokera kubwalo la mpira. Galimoto inalowa pabwalo pathu ili mu giya yoyamba, poti amayi anali asanagwirizane ndi yachiwiri, ndipo inaima ndendende pamalo pake. Amayi anatsika, nakonza chitenje.

"Mwabwera, alamu? Khalani, ndikuikireni tiyi."

Wogula anamwa tiyi n'kumapita. Laisensi amayi anaipeza ulendo wachiwiri, ndipo ndi iwo amene anawatengera atate ku opaleshoni, pa msewu wa ku Mwami, pakati pa malole.

Maso anabwereradi. Loweruka loyamba atate anatenga sipanala, nabwezera mpando m'mabowo a kumbuyo, natiyendetsa mpaka kutauni ndi kubwerako. Amayi anakhala pambali, manja pamwendo. Titafika, atate sanatsike msanga. Kenako anandiitanitsa sipanala ija, nagwadanso, nabwezera mpando kutsogolo.

"Amayi ako amaponda kilatchi bwino kuposa ine," anatero. "Komanso ndikakhala pambalipa ndimaona mapiri. Ndinawasowa."

Masiku ano galimoto yanga ili ndi kabatani kamene kamasuntha mpando wokha, ndipo mwana wanga wamkazi akafuna kuphunzira kuyendetsa palibe amene amagwada kapena kudabwa. Atate anatisiya kalekale. Galimoto yobiriwira ija ili pakhomo panga ku Chipata, ndipo ndayamba kuidzutsa pang'onopang'ono. Mwezi watha makaniko anachotsa mpando kuti aikemo siponji yatsopano, ndipo ndinaona zitsulo za a Sakala. Mabowo a kutsogolo anakula ndi kuwala chifukwa cha ntchito. A kumbuyo akadali ozungulira bwino, ngati obowola dzulo.

Ine ndinatengera msinkhu wa atate, choncho makaniko anayang'ana miyendo yanga n'kufunsa ngati amange kumbuyo. Ndisanayankhe ndinacheukira pakhonde. Amayi, amene tsitsi lonse layera koma maso akadali akuthwa, anali atatulutsa kale nsapato zawo zakuda, akuzipaka polishi.