Kabokosi Kosakhala Kopanda Munthu

Mkulu woyandikana nyumba ndi Afrakoma ku Kumasi wakalambira pa ntchito yosindikiza zidziwitso za maliro. Masiku ano amaziika pa intaneti. Saseka, sapupuluma, ndipo mawu ake kwa ophunzira ndi amodzi: "Umba pakompyuta kabokosi kamodzi kokha ka chidziwitso: chithunzi, dzina, tsiku lomwalira. Maliro onse azilowa momwemo."

Tsiku loyamba kuphunzira, Afrakoma anayesa kabokosi ka mkuluyo osalembamo kanthu. Pakompyuta panatuluka nkhope ya mkuluyo, dzina lake, ndi tsiku lomwalira: Lachinayi likubwerali.

"Amalume, ichinso n'chiyani?"

"Kabokosi sikakhala kopanda munthu, mwanawe. Ndinaikamo amene sangadandaule."

"Nanga tsikuli?"

Mkuluyo anapukuta magalasi, n'kusuzumira.

"Ooh, layandikiranso? Dzulo panalembedwa Loweruka."