Mathunthu a Nthochi pa Sitima ya Nsomba

Ndili pa sitima yogwira nsomba pakati pa nyanja yamchere, mtunda sukuoneka. Dzina la sitimayo alimata penti kuti lisawerengeke, chifukwa madzi ano ndi oletsedwa. Kapitawo wavala mapasipoti athu m'khosi ngati mikanda.

Akundituma kuchipinda chozizira. Pakati pa nsomba zoundana agona achimwene anga, amene anamwalira dzana atakoka ukonde masiku atatu osagona. Nsidze zawo zayera ndi ayezi.

"Mphwanga, ndifunditseko," akutero. "Kuno kukuzizira."

Ndikuthamangira kwa kapitawo. "Bwana, tiyeni kumtunda tikaike maliro."

"Sitima ikadzaza," akuyankha, osandiyang'ana n'komwe.

Tikukokanso ukonde, ndipo m'katimo muli mayi athu, zovala zawo zouma bwinobwino. Asenza thunthu la nthochi, lija timaika m'manda mtembo ukasowa.

"Mwananga, kumudzi akumba kale manda. Tiike mkulu wako kapena ichi?"

Ndikufuna kuyankha, koma m'kamwa mwanga mwadzaza mamba. Ndikuyang'anitsitsa pamutu pawo. Mathunthuwo ndi awiri.

Ndadzuka, bulangete lili m'manja, ndikusowa woti ndimufunditse.