Pepala Lakuda la Mtima wa Mkazi Wanga

Kalata yoyamba yodandaula ndinalemba Lachitatu lotsatira Isitala, chaka chatha. Kalata yachiwiri ndinakapereka pamanja m'mwezi wa Juni, ndipo mlembi wa pakiliniki anadinda chidindo pa kope langa. Yachitatu ndinakasiya mvula yoyamba itagwa. Makope onse ali m'fayilo yobiriwira. Yankho palibe.

Ndaphunzitsa masamu ku Botswana kuno mpaka kupuma ntchito, ndipo sindinatayepo pepala. Mlendo wopanda pepala alibe mawu. Zilolezo zokhalira m'dziko, makalata a ntchito, makadi a sikelo a ana amene lero ali ndi ana awo, zonse zilipo. Mapepala ofunika kwambiri ndinkakawamatitsa m'pulasitiki kwa mayi wina wa makina ojambulira makalata ku White City, kuopa fumbi ndi thukuta. Mkazi wanga ankandiseka nazo. "Aphunzitsi, tsiku lina mudzandimata ine ndemwe m'pulasitiki, mundiike pa shelefu."

M'mawa wina akuyanika zovala kuseri kwa nyumba yathu ku Extension 2, anakhala pansi pa chingwe pomwepo, dzanja pachifuwa. Anati mtima ukuphiriphitha ngati nkhuku yomwe angoidula kumene. Tinakwera takisi kupita kukiliniki. Namwino anamumata timawaya pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, makina n'kulavula pepala lalitali la timabokosi tofiirira, lokhala ndi mizere yokwera ndi kutsika. Dokotala wa pamenepo analiyang'ana nthawi yaitali.

"Rra," anandiitana motero monga aitanira abambo kuno, "mtima wa amayiwa ukugunda mosalongosoka. Ndikukutumizani kwa dokotala wa mtima. Pepalali mulisunge bwino, adzafuna kuliona."

Pofika masana mtima unali utadekha wokha, mkazi wanga n'kukamaliza kuyanika zovala zake.

Mulisunge bwino. Munthu ngati ine mawu amenewa ndinawamva monga ndimawamvera. M'mawa mwake ndinakwera kombi kupita ku White City. Mayi uja analowetsa pepalalo m'makina ake otentha, ine ndikuyang'ana, ndipo linatuluka mbali inayo lili bii ngati khala. Mzere ngakhale umodzi wosaoneka. Mayiyo anagwira pakamwa. Ndinalitembenuza, ndinaliloza kudzuwa, koma ayi ndithu. Ndinaliika mu envulopu, ndinalemba tsiku pamwamba monga mwa nthawi zonse, ndipo kunyumba sindinanene kanthu. Ndinadziuza kuti kwa dokotala wa mtima akajambula lina.

Tsiku lathu linafika patapita miyezi. Anajambuladi lina, ndipo linaonetsa mtima wabwinobwino. Dokotala wa mtimayo, mayi wofatsa wa imvi pang'ono, anatifotokozera mosathamanga. Anati pali nthenda imene mtima umasokonekera kwa maola ochepa kenaka n'kubwerera m'malo mwake, ngati palibe chinachitika. Pa maola amenewo magazi amatha kuundana mkati mwa mtima, kachibuluma n'kuthawira ku ubongo. Mankhwala oletsa magazi kuundana alipo, koma amatha kuchititsa munthu kutaya magazi, choncho iye sakanawapereka asanaone umboni ndi maso ake. Kalata ya kukiliniki inangoti mtima unathamanga, basi.

"Pepala la tsiku lija lili kuti?" anafunsa.

Mkazi wanga anaseka monyadira. "Adokotala, apa ndiye mwafunsa mwini wake. Amuna angawa ali ndi risiti ya bedi limene tinagula tikukwatirana."

Ndinatsegula envulopu. Dokotala analandira chinthu chakudacho, chonyezimira bwino m'pulasitiki mwake, ndipo anapumira m'mwamba. Anati makina ojambula mtima aja salemba ndi inki, amalemba ndi kutentha, ndiye pepala lake likakumana ndi moto limada lonse.

Tinabwerera pa kombi mpaka pa siteji yathu. Potsika mkazi wanga anangoti, "Bambo, mukanandiuza." Sanabwerezenso.

Dokotala wa mtima sindimuimba mlandu. Anamuveka mkazi wanga kamakina kojambula mtima tsiku lathunthu, koma tsiku limenelo mtima unayenda mwaulemu. Anatiuza kuti ukadzayambanso tithamangire kuchipatala, ndiponso kuti ndikapemphe kope kukiliniki kuja. Ndinapita. Mlembi anati dokotala woyamba uja anasamuka. Namwino wina anati makinawo amasunga zimene ajambula. Mnzake anati sasunga. Wachitatu anati makina a nthawi imeneyo anapita kokakonzedwa. Anthu atatu, mayankho atatu, m'chipinda chimodzi! Apo ndi pamene ndinalemba kalata yoyamba.

Mu Ogasiti, mphepo ya fumbi ikuomba, mkazi wanga ankandithirira tiyi. Kapu inasefukira iye akuthirabe. Ndinati, "Amayi, mwatani?" Anandiyang'ana, pakamwa patapotokera mbali imodzi, ketulo n'kugwa. Kuchipatala makina anaonetsa mizere yosalongosoka ija, aliyense n'kuiona. Mankhwala aja akumwa tsopano, m'mawa ndi madzulo. Ndimamumwetsa ndine, chifukwa dzanja lake lamanja silinyamula kanthu, ndipo mawu anamuthawa. Amandiyang'ana ndikamasanja mafayilo. Sindidziwa ngati akundiseka monga kale kapena ayi.

Mwana wathu wamkazi, amene amakhala ku Phakalane, akuti tisamukire kwa iye. "Adadi, zisiyeni za makalatazi. Ngakhale akuyankheni, amami adzuka?" Sadzuka, ndikudziwa. Koma iye sakumvetsa chimene ndikufunsa. Ngati kope linalimo m'makina muja miyezi yonse ija, ndiye kuti katunduyu tisenzerana ndi amene sanafune kutsegula n'kuyang'ana. Ngati munalibe, ndiye kuti umboni wonse wa mtima wa mkazi wanga unali pepala limodzi lija, ndipo ndinaliwotcha ndine, ndi manja anga, pofuna kulisunga. Chilichonse mwa ziwirizi ndichilandira. Chimene chikundidya ndi kusadziwa.

Dzulo ndalemba kalata yachinayi, ndipo mawa ndikaipereka. Ndime yake yomaliza ikuti:

"Choncho ndikupempha mwaulemu mkulu woyang'anira kilinikiyi kuti andiyankhe polemba mafunso awiri. Loyamba: kodi makina amene anajambula mtima wa mkazi wanga anasunga kope, ndipo ngati anasunga, lili kuti? Lachiwiri: n'chifukwa chiyani wodwala amapatsidwa pepala loopa kutentha, n'kuuzidwa kuti alisunge bwino, popanda womuuza kasungidwe kake? Yankholo likhale ndi tsiku, chidindo ndi siginecha, ndipo lilembedwe ndi inki."