Mphini za Pachifuwa cha Amuna Anga

Chaka chimene kuponi inatipeza pakhomo pathu ndi chaka chomwe mtima wa amuna anga unachita mwano. Ankachokera kokatenga feteleza, thumba lili panjinga, basi anangokhala pansi m'mbali mwa munda wa fodya, thukuta lili kamukamu, dzanja pachifuwa. Akuti ngati ng'ombe yawaponda.

Kuchipatala anawatafunitsa asipirini, ndipo tinagonako. Potuluka, adokotala, mayi wina wansangala, anandifunsa, "Amayi, mukagumula chulu, chiswe chimatani?" Ndinati chimamata.

"Eya. M'magazi mulinso tinthu ting'onoting'ono timene timathamangira kukamata pamene pavulala. Mtsempha wa bambowa unanyuka m'kati, tinthuto tinamata mopitirira mpaka magazi opita kumtima anasowa podutsa. Kapiritsi aka kamatifooketsa. Azimwa tsiku lililonse, osadumphitsa."

Alamu anga, akulu awo a bambowo, sanakhutire. Iwo amvekere, "Munthu walandira kuponi lero, lero lomwelo wagwa? Pali dzanja la munthu apa." Tsiku lina ine ndili kudimba, anawatengera kuseri kwa chigafa n'kuwatema mphini pachifuwa ndi lezala.

Pobwera ndinapeza malaya ali madonthomadontho, akuluakulu awiri akusinthana kupanikiza kansanza. Mphini zimauma msanga, koma izi zinkangochucha.

"Ndi minga yanji yobaya pamzere chonchi?" ndinafunsa.

Amuna anga anati, "Mayi, musaseke. Mapiritsi aja andisandutsira magazi madzi. Sindimwanso."

Apo kuseka kunandithera, chifukwa maso awo a tsiku limene anagwa lija ndinali ndisanawaiwale. Sindinakangane nawo. M'mawa ndinangovala n'kunena kuti tiyeni, mukawauze nokha adokotala.

Adokotala anayang'ana mphinizo, anayang'ana ine, anadzigwira pakamwa. "Bambo, chiswe chanu chagona, n'chifukwa chake zachedwa kuuma. N'zimene timafuna. Mukasiya mankhwala chidzuka, ndipo chikamatanso kumtima. Lezala ikhale ya ndevu basi. Koma magazi akadzakana kuleka, bwerani msanga."

Tinanyamuka kubwerera kwathu. Titayandikira kumudzi ndi pamene amuna anga anati, "Ndiye kuti kanthu kakang'ono kaja kali ndi mphamvu?"

"Kuposa achimwene anu."

Kuyambira pamenepo ankamwa okha akatha phala, osadikira kuti ndiwakumbutse. Nyengo yosoka fodya itafika, akangodzibaya chala pang'ono, ankazungulira chigafa chonse kuonetsa anzawo. "Mukuona? Sakuuma msanga. Mankhwala akugwira ntchito awa."