Tsiku Limene Madzi Sanabise Bwato

Amuna anga anali mphunzitsi pa sukulu ya mishoni kumwera kwa Kobwe, m'mbali mwa nyanja, nthawi ya ulamuliro wa Apwitikizi, ndipo anali ndi matenda amodzi osachiritsika. Akawerenga chinthu sankatha kuchisunga m'mutu. Ankayenera kuchitula kwa munthu, ndipo munthuyo nthawi zambiri ndinali ine. Ana akaweruka, ine ntchito ili m'manja, iwo ankabwera ndi nkhani za nyenyezi ngati kuti nyenyezizo tizithira mchere n'kudya.

Chaka chimene ndikunenachi mutu wawo unali utadzaza ndi kuwala. Ankati kuwala kumayenda ulendo kuchoka pa chinthu kufika m'diso, ndipo liwiro lake ndi limodzi kwa aliyense. Kaya ukukulondola, kaya ukukuthawa, ukakuyeza pamene ulipo upeza liwiro lomwelo. Ndinawafunsa ngati wokwera lansha, boti la injini la asilikali, ndi wopalasa bwato amakupeza chimodzimodzi. Anati inde, ngakhale bwanamkubwa amene. Ndinaseka, chifukwa masiku amenewo panalibe chinthu china chimene Mpwitikizi ndi ife tinkalandira mofanana.

Tsiku lina anandiitanira pamchenga pamene wina anayanika ukonde pa mitengo. Anaika mwala pakati, ukondewo n'kulendewera. Anati zinthu zolemera ngati dzuwa zimatero ndi thambo, mpaka ndi nthawi yomwe, ndipo kuwala kukadutsa pafupi kumatsata mopindika momwemo. Nyerere yoyenda pa ulusi wa ukondewo imangoona kuti ikupita kutsogolo, ndipo sichepetsa mayendedwe. Ndi ife oima patali amene timaona kuti njira yakhota ndipo yachedwa kufika. Ine ndinawauza kuti achotse mwalawo mwini ukonde asanafike, chifukwa iyeyo za thambo sadzazimva.

Nkhondo inali itafika kale kunyanja. Aphunzitsi ndi akatekisiti ankangotengedwa mmodzimmodzi, ndipo amene watengedwa dzina lake sitinkalitchulanso mokweza. Ndiye tsiku lina munthu wina wa kutchalitchi anawanong'oneza amuna anga kuti anthu a boma ovala bwino akufunsa za iwo. Kuyambira tsikulo tulo ndinalibe. Galu akauwa, ndinkadzuka n'kukasuzumira panja.

Panalibe kochitira mwina, anayenera kuwolokera ku Likoma. Amalume awo, msodzi wakale, anavomera kuwapalasa. Njira yake aliyense kwathu ankaidziwa, ngakhale palibe ankainena. Bwato likapita kutali madzi amalibisa. Limayamba kumira lokhalo, kenako mapewa a anthu, kenako mitu, mpaka woima pagombe saonanso kanthu. Choncho munthu ankanyamuka m'mawa pakati pa asodzi, atavala nsanza ngati iwo, n'kulunjika pakati pa nyanja mpaka atabisika, ndiye n'kukhotera kumpoto. Asilikali akamafika pagombe dzuwa litakwera, ankangopeza mabwato a pafupi amene ankaloledwa. Ambiri anapulumuka motero, ndipo mawu akuti madzi amabisa tinkawakhulupirira ngati pemphero.

Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe. M'mawa umene ananyamuka kunalibe ngakhale kamphepo, nyanja inangoti phee. Ine ndi apongozi anga, amayi awo a amuna angawo, tinali pa thandala kutembenuza usipa pamodzi ndi akazi ena. Ndinkaba maso pang'onopang'ono mpaka ndinaona kadontho ka bwato lawo katabisika. Apongozi nawo anakaona, anangondikhudza chigongono. Asilikali atatulukira, mkulu wawo amene tinkamutcha kabu ali patsogolo, mtima wanga unali utayamba kukhala pansi.

Kabu anaima pa thandala lathu n'kumatola usipa, n'kumalawa ngati ndi wake. Ine ndinadzutsa mutu kuti ndipukute thukuta, ndipo ndinaona kuti mzere wa pakati pa madzi ndi thambo wasungunuka. Pamwamba pake, m'malere, panali bwato. Linali litalendewera, pansi pake pali kamzere koyera, ndipo anthu awiri a m'menemo anali atatalika ngati mitengo.

Zimenezi sizinali zachilendo. Kukatentha chonchi nyanja imanyamula zinthu za kutali n'kuziika m'mwamba, ndipo tili ana tinkaseka tikaona miyala ya kuzilumba ikuyandama. Kungoti pokonza ulendowu palibe anazikumbukira, ngakhale amalume amene anakalambira pamadzi, ngakhale mphunzitsi wanga wa za kuwala.

Ndinaganiza zopusa, zoti ndithamange ndikaime kutsogolo kwa kabu, kapena ndigwetse thandala kuti onse ayang'ane pansi. Koma ndikanathamangira chiyani? Chimene chinafika m'diso mwanga chinali chitafika kale pagombe lonse. Ine mkazi wawo sindinapatsidwe ngakhale kamphindi koti ndione ndekha ena asanaone. Ndikudziwa tsopano kuti chinakhotetsa kuwala tsikulo chinali mpweya wotentha wokhala pamwamba pa madzi ozizira, osati kulemera kwa dzuwa, ndipo amuna anga akanandikalipira posakaniza ziwirizi. Koma zoti kuwala sikusankha munthu ndinazimvetsa pomwepo, usipa uli m'manja, ndipo ndinadana nazo.

Akazi onse anali ataona. Palibe anayang'ana kawiri. Manja ankangoyenda pa thandala, ndipo wina anayamba kukamba za mwana wake wodwala chifuwa ndi mawu okwera kuposa masiku onse. Kabu anali akutafunabe, nsana ataulozetsa kunyanja. Ndinapempha Mulungu mphepo, mphepo iliyonse, ngakhale mwera wogubuduza mabwato.

Amene anaona anali msilikali wamng'ono wa masharubu osakwanira. Analoza akuseka, ngati mwana amene waona chodabwitsa. Kabu anatembenuka, anapukuta zala pa buluku, n'kukweza magalasi ake oonera patali. Kenako anafunsa kudzera mwa msilikali wakuda amene ankamva Chinyanja kuti chimenecho n'chiyani.

Apongozi ndi amene anayankha, osasiya ntchito.

"Nyanja ikunama iyo, bwana. Kukatentha imaonetsa vinthu va kutsidya. Kulibe munthu uko."

Kabu anatsitsa magalasiwo n'kugwedeza mutu, ndipo ndinaona kuti zinthu zoterezi amazidziwa. Anatsala pang'ono kuzisiya. Koma anakwezanso magalasiwo, ndipo nthawi yomweyo mmodzi wa anthu a m'bwato anasanduka woyera. Ngakhale ndi maso chabe zinkaoneka. Amuna anga, pokhulupirira kuti madzi awabisa, anali atavula nsanza zausodzi n'kuvala malaya awo oyera a kusukulu, kuti akafike ku Likoma ngati mphunzitsi. Palibe msodzi amene amapha nsomba atavala choncho.

Kabu analankhula pa wailesi imene mnzake anabereka kumsana. Sanakalipe, sanatifunsenso kanthu. Anakhala pa bwato lina lovundikira n'kuyatsa fodya.

Mphepo imene ndinapempha ija inabwera pambuyo pake. Madzi anachita timakwinya, bwato la m'malere linanjenjemera n'kuzimirira, nyanja n'kukhala yopanda kanthu ngati poyamba. Posakhalitsa tinamva kulira kwa lansha kuchokera kumwera. Inadutsa patali, mphuno itadzuka, mpaka nayo inabisika. Ndinayesa kudzilimbitsa mtima kuti nyanja ndi yaikulu, kuti amalume ndi ochenjera, kuti mwina afika kale m'madzi a ku Likoma. Usipa ndinautembenuza mobwerezabwereza mpaka unayamba kuthetheka m'manja mwanga, ndipo palibe anandiletsa.

Dzuwa litapendeka lansha inabwerera. Inkayenda pang'onopang'ono, ikukoka bwato lopanda munthu. Sinaime kwathu, koma inadutsa pafupi ndi gombe, mwina mwadala. Pamwamba pake panakhala anthu awiri, manja ali kumbuyo. Wa malaya oyera anali atatembenuzira nkhope kumtunda, akufufuza pakati pa akazi a pa mathandala.

Dzanja langa linayamba kukwera lokha. Apongozi analigwira pansi pa thandala n'kulifinya mpaka mafupa kupweteka. Kabu anali ataimirira kumbuyo kwathu, akuyang'ana nkhope zathu imodziimodzi kuti aone wolira.

"Mwananga, weramani," anatero motsitsa mawu. "Sitikuwadziwa anthu awo."

Ndinawerama. Amuna anga sindinawaonenso, ndipo manda awo sindikuwadziwa. Pamene ankandiona komaliza, ndinali nditayang'ana pansi, ndikusankha usipa.