Tsiku limene bambo anakasaina pa boma

Ndili Fomu 3 ku Namwera, aphunzitsi a sayansi anasankha ana anayi oti pa tchuthi tikalaweko maphunziro a ku koleji ina pa boma la Mangochi. Mtsikana ndinalipo ndekha. Lamulo linali limodzi: kholo lipite lokha kukasaina fomu ku ofesi ya kolejiyo. Anzanga anasangalala, koma ine ayi.

Bambo anga anabwera kuno ali mnyamata, kuthawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo sanabwererenso. Ankalima fodya ndi kupemphera mumzikiti ngati wina aliyense, koma ofesi ankaiopa ngati njoka. Mlendo akangotulukira ndi cholembera m'thumba la malaya, iwo ankakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi sanazimangirire. Ana tinkawaseka nazo. Ulendo uno sindinaseke.

"Akakandifunsa kobadwira ndikati chiyani?" anandifunsa.

"Mukangoti Namwera, ababa."

"Ndikanamize boma?"

Sabata yonse ine chakudya sichinkatsika. Bambo akakana kupita, malo anga apatsa wina. Akapita n'kukanena zoona, mwina andichotsa, mwinanso iwowo awakweza galimoto kukawatula kumalire. Kunena zoona ndinawakwiyira. Bwanji sakanangobadwira pafupi ngati makolo a anzanga?

Tsiku lomaliza kulandira mafomu anavala mkanjo wa Lachisanu ndi jekete pamwamba, natenga kajumbo kakuda. Ndinangoti amayi atiikira mbatata. Tinakwera minibasi n'kutsetsereka mapiri kupita pa boma. Powoloka mlatho wa Shire ndinawanong'oneza kachiwiri kuti akangoti Namwera. Anangoyang'ana pawindo.

Mu ofesi tinapeza mayi wina wa magalasi, mafomu ali mulu patsogolo pake. Anafunsa za ine, kenako anatembenukira kwa bambo.

"Inuyo bambo, munabadwira kuti?"

Ndinawaponda phazi.

"Amayi, ine ndinabadwira ku Mozambique," anatero. "Koma mwanayu mchombo wake unagwera ku Namwera. Ngati pali mlandu ndi wanga. Iyeyu mumusiye aphunzire."

Ndinkayang'ana nsonga ya cholembera chija, kudikira kuti chiime. Sichinaime. Mayiyo analemba, natembenuza pepala.

"Sainani apa. Lolemba abwere ndi makope komanso ndowa yosambira."

Titatuluka, bambo anakhala pansi pakhonde pomwepo.

"Basi?" anandifunsa. "Zaka zonsezi, basi?"

Njala ya sabata yonse inandigwira nthawi imodzi, ndiye ndinatenga kajumbo kaja kuti tidye mbatata. Munalibe mbatata. Munali malaya awiri opindidwa bwino, sopo, mswachi ndi kamkeka kawo kopempherera.

Bambo anga ananyamuka m'mawa umenewo akudziwa kuti mwina sakabwerera, koma anapitabe kukandisainira.